Musanapake vanishi, yambani mwakwawira kunsi kwa khondelo

Funso: Ndimakhala ku Tafara, mu Harare muno, koma ndimagwira ntchito yosamalira nyumba ina ku Greendale. Eni ake ali ku UK, amabwera mu Disembala mokha. Kuseri kwa nyumbayo kuli khonde la matabwa, lija amati deck, la mamita 6 mulitali ndi 4 mulifupi, lokwera kufika m'chiuno. Vanishi amene tinapaka chaka chatha wayamba kusupuka, matabwa atuwa, pa misomali pali mawanga akuda, ndipo thabwa lina pafupi ndi khoma limanepa ndikaponda. Pa nsanamira imodzi ndaonapo dothi la chiswe. Abwana atumiza ndalama kuti ndigule vanishi wina ndipake asanafike. Mnzanga akuti ndingopaka oyilo wakuda wa galimoto, mayi akunyumba akuti Cobra, polishi uja wa pansi. Nditani? Wowerenga wa ku Tafara.

Yankho: Bambo, ndalama ya vanishiyo iyambe yakhala m'thumba. Pa zonse mwatchulazi, ziwiri zokha ndi zimene zandidetsa nkhawa: thabwa lonepalo ndi dothi la chiswe pa nsanamira. Kutuwa, vanishi wosupuka, mawanga akuda, zonsezo ndi za pakhungu, tizifika pambuyo. Ine ntchito ya matabwa ndinaiphunzira kwa malemu bambo anga, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo pa makonde onse amene ndaphwasulapo mu Harare muno palibe limene linagwa chifukwa choti pamwamba panatuwa. Onse anayamba kufa kunsi, kumene munthu sasuzumirako. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vanishi watsopano pamwamba pa mitanda yowola ndi mkuyu womwewo, ndipo mu Disembala pamenepo padzakhala abwana ndi alendo awo, mipando, mbaula ya nyama, ana akudumphadumpha.

Ndiye mawa m'mawa valani zovala zakale, tengani tochi, hamala ndi screwdriver yaikulu, mukwawire kunsi. Yambani mwagogoda ndi ndodo, chifukwa kukayamba kutentha chonchi njoka zimakonda malo amthunzi ngati amenewo. Mukalowa muona kuti matabwa amene mumapondawo agona pa mitanda ing'onoing'ono, mitandayo yagona pa ina ikuluikulu, ndipo ikuluikuluyo yakhala pa nsanamira. Kumbali ya nyumba nthawi zambiri kumakhala mtanda wina womangidwa kukhoma ndi mabawuti. Bayani mtengo uliwonse ndi screwdriver, osati mwaulemu ayi, mwamphamvu ndithu. Mtengo wabwino umakana, chitsulo chimangosiya kachizindikiro. Wowola umalola chitsulo kulowa ngati mukubaya chinangwa chophika. Gogodaninso ndi hamala: wodyedwa ndi chiswe umalira ngati ng'oma, pakuti chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu lakunja lili gwa ngati kuti palibe chachitika. Malo oti muwaone mofatsa ndi pamene nsanamira yakhudza nthaka, pamwamba pa mitanda pomwe matabwa agonapo, kumapeto kwa mtengo uliwonse kumene unadulidwa, pansi pa masitepe, ndi mtanda wa kukhoma uja. Paliponse pamene chitsulo chalowa kupitirira theka la sentimita, lembanipo ndi choko.

Chifukwa chimene ndikukutumizirani kunsi ndi ichi. Makonde ambiri a m'nyumba za ku Greendale, Highlands, Borrowdale ndi Mount Pleasant anamangidwa ndi mitengo ya mitundu iwiri. Pamwamba, pooneka, anaika teak wa kuno, amene ena amati mukusi, wochokera kumchenga wa ku Matabeleland North, cha ku Lupane ndi Tsholotsho. Ndi mtengo wolemera, wofiirira, ndipo mtima wake chiswe sichiulimba. Ndi womwe kale ankapangira mitanda ya njanji, ndiponso timatabwa ta pansi tija mumationa m'nyumba zakale za ku Avondale. Koma ndi wodula, choncho kunsi kosaonekako omanga ambiri ankaika paini wa ku Nyanga ndi Chimanimani, kapena bulugama. Paini wosalowetsedwa mankhwala, kwa chiswe ndi nsima yopakula kale. Mapeto ake mumapeza matabwa a pamwamba akadali ndi zaka zambiri zoti akhale, pamene mitanda imene yawanyamula inatha kalekale.

Palani pang'ono ndi mpeni kunsi kwa thabwa kuti mudziwe chimene muli nacho. Teak amaoneka wofiirira ngati njerwa yopsa ndipo chikhadabo sichilowa. Paini ndi woyererako, ali ndi mfundo zambiri, chikhadabo chimasiya chizindikiro. Akakhala wobiriwirako ndiye kuti analowetsedwa mankhwala otchedwa CCA. Wakuda, wonunkha phula ngati mapolo a magetsi, ndi wa creosote. Mukapeza thabwa lamaonekedwe agolide ndi mizere yofiirira, lopepukirapo kuposa teak, mwina ndi mukwa, womwe kwathu timati mlombwa, ngakhale kuti umenewo anthu ambiri amausungira zitseko ndi mipando.

Za CCA ndiime pang'ono, chifukwa zimakhudza banja lanu kuposa la abwana. Mankhwala amenewa ali ndi mkuwa, chromium ndi arsenic. Ali m'thabwa savuta kwenikweni, koma thabwalo likawotchedwa utsi wake ndi phulusa lake ndi poizoni. Ndikudziwa mmene zimakhalira magetsi akazima: matabwa ochotsedwa pantchito amakwera kombi kupita ku Tafara kukaphikira nsima. Musatero ndi matabwa obiriwirawa, ngakhale a creosote, ndipo phulusa lake lisapite m'dimba la ndiwo. Ku America anasiya kugwiritsa ntchito CCA pa makonde a m'nyumba kumapeto kwa 2003. Kuno tikuigwiritsabe ntchito, ndipo kunena zoona pa chiswe chathuchi imathandiza, bola munthu adziwe zimenezi, ndiponso avale chotchinga kukamwa ndi mphuno akamadula kapena kukwecha.

Mukamagula mitanda yatsopano, kaya ku Msasa, ku Graniteside kapena ku Magaba, funsani chidindo chosonyeza mlingo wa mankhwala. H2 ndi wa m'nyumba, monga mitengo ya denga. H3 ndi wa panja koma wosakhudza nthaka. H4 ndi woti ukhoza kukumbiridwa pansi. Mitanda ikhale H3 kapena kuposa, nsanamira H4. Pali ogulitsa ena amene amangoviika thabwa m'madzi obiriwira kuti lioneke ngati lamankhwala. Pemphani adule kachidutswa muone m'kati: mankhwala enieni amalowetsedwa ndi mphamvu ya makina ndipo mtundu wake umafika m'kati ndithu, pamene oviikawo amathera pakhungu. Ndipo paliponse pamene mwadula kapena kuboola, pakanipo mankhwala otetezera mtengo musanakhome, chifukwa pamenepo mwatsegula khomo.

Tsopano chiswe, chimene anzathu a Chishona amati muchenje, liwu loti mulidziwe mukamakagula mankhwala. Chiswe cha kuno chimakhala munthaka. Chulu chake chikhoza kukhala kuseri kwa mpanda wa aneba, kapena osaoneka n'komwe. Sichipirira dzuwa ndi mphepo youma, n'chifukwa chake chimamata njira ya dothi n'kumayenda m'kati mwake. Dothi mwaonalo ndi msewu. Kandani pakati pake malo otalika ngati chala, mubwerenso mawa lake. Mukapeza pamatidwanso, kapena agang'a akatuluka ndi mitu yawo yofiira ija, dziwani kuti msewuwo uli pantchito. Musathamangire kuuphwanya wonse n'kupopera mankhwala a udzudzu a m'chitini. Mupha ochepa amene ali pamtunda, mfumukazi ili phee pansi ikuikirabe mazira, ndipo gulu lonse lingosintha njira n'kudzera pamene simukuona.

Mankhwala amene amagwira ntchito masiku ano ndi okhala ndi fipronil kapena imidacloprid. Ubwino wake ndi woti chiswe sichiwamva fungo, chimadutsamo n'kuwatengera kwa anzake. Mumakumba kangalande kozungulira nsanamira iliyonse ndi m'mbali mwa khoma, kuthira mosungunula monga momwe alembera pa botolo, osawonjezera poganiza kuti agwira msanga, kenako kukwirira. Valani magolovesi, agalu atsekeredwe. Nyumba zambiri za kumeneko zimamwa madzi a borehole kapena a chitsime cha pakhomo, ndiye onani kuti simukuthira pafupi ndi pamenepo, kapena pafupi ndi dziwe la nsomba, pakuti fipronil amapha nsomba ndi njuchi. Madala akale ankathira dieldrin ndi aldrin, ndipo mukamva wina akuyamikira kuti mankhwala enieni anali amenewo, sakunama pa mphamvu yake. Koma ndi poizoni wosatha msanga m'nthaka ndi m'thupi la munthu, ndipo ali m'gulu la mankhwala amene mayiko anagwirizana kuwathetsa mu pangano la ku Stockholm la 2001. Mukapeza chitini chakale choterocho m'galaja, chisiyeni chotseka. Ngati misewu ya chiswe yafika kukhoma la nyumba kapena pa mafelemu a zitseko, imeneyo si ntchito yanu nokha, auzeni abwana aitane odziwa za tizilombo.

Komabe mankhwala amatha mphamvu pakapita zaka. Chokhalitsa ndi kamangidwe. Nsanamira yabwino siikumbiridwa m'dothi ngati ya khola la mbuzi. Imakhala pa kachipilala ka simenti kotuluka pamwamba pa nthaka, itagwiridwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri, kuti madzi asaime patsinde ndiponso kuti chiswe chikafuna kukwera chimange msewu wake poyera pamene diso lanu liuona. Ngati nsanamira zikufunika kusintha, sinthirani ku njira imeneyi. Ndipo kunsiko kukhale kopanda kanthu. Ndaonapo nkhuni, zitseko zakale, makatoni, ngakhale chitsa cha mtengo chimene omanga anachita ulesi kuzula. Zonsezo ndi kuitana alendo.

Thabwa lonepa pafupi ndi khomalo ndikuliganizira madzi kuposa chiswe, ngakhale kuti awiriwa amayendera limodzi. Mtengo suwola chifukwa chonyowa, umawola chifukwa chokhalitsa chinyowere. Nkhungu zowoletsa mtengo sizigwira ntchito ngati chinyezi cha m'thabwa chili pansi pa 20 peresenti. Harare imalandira mvula yopitirira pang'ono mamilimita 800 pachaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Malichi, koma mvula yathu imagwa n'kukata, dzuwa n'kutuluka. Khonde lopita mphepo limauma tsiku lomwelo. Ndiye pamene pawola, pali china chimene chikusunga madzi kapena kuwathira mosalekeza. Imani pa thabwalo muyang'ane kumwamba. Kodi denga likudonthezera pomwepo? Kodi ngalande ya m'mphepete mwa denga yadzaza masamba? Kodi palibe kapaipi ka giza, thanki ija yotenthetsera madzi, kamene kamadontha usana ndi usiku? Kameneka kandipezetsa ntchito zambiri, makamaka chiyambireni anthu kuika magiza a sola padenga. Onaninso mpope wothirira kapinga, mwina umawaza khondelo m'mawa uliwonse, inu nomwe ndi amene mumautsegula.

Ngati chawola ndi thabwa lokha, zulani muikepo lina, nkhani yatha. Ngati mtanda wa pansi pake wawola pamwamba pokha, mmisiri akhoza kuuphatikiza ndi wina watsopano pambali n'kumanga ndi mabawuti. Koma ngati wawola ndi mtanda wa kukhoma uja, kapena mabawuti ake adyeka ndi dzimbiri, samalani kwambiri, chifukwa mbali yonse ya khondelo yapachikika pamenepo, ndipo ukalephera khonde silichenjeza, limangosiyana ndi nyumba nthawi imodzi. Gwedezaninso chotchinga cha m'mbali ndi manja awiri. Ife timachimanga chotalika mita imodzi, mipata yake yosapitirira masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe, ndipo sichiyenera kugwedera ngakhale pang'ono, pakuti munthu akakhuta amatsamira pomwepo.

Pali ntchito ina yotopetsa imene palibe amaikonda, koma ine ndimaiika patsogolo pa mafuta alionse: kutokosa mipata ya pakati pa matabwa. Mipata imeneyo, ya mamilimita 5 kapena 6, anaisiya dala kuti madzi azitsika ndi mphepo izikwera. Timasamba ta jacaranda, makoko a msasa amene amathetheka nyengo ino, fumbi la mu Ogasiti, ubweya wa agalu, zonsezi zimadzaza m'mipatamo n'kusanduka dothi. Dothilo limakhala ndendende pamwamba pa mtanda, lonyowa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Tengani mpeni wakutha wa sowo yodulira zitsulo, muyende nawo mpata uliwonse kuyambira uku mpaka uko. Mudzadabwa ndowa zimene mudzatulutse. Mukamaika thabwa latsopano mwezi uno, mpata wake muuwonjezereko pang'ono, chifukwa panopa mtengo wauma mpaka mapeto ndipo mu Januwale udzafufuma.

Mawanga akuda a pa misomali si kuwola ayi. Teak ndi bulugama ali ndi madzi owawa otchedwa tannin, ndipo akakumana ndi chitsulo pali chinyezi amapanga utoto wakuda ngati inki. Zikusonyeza kuti omanga anakhomera misomali wamba. Imene yatukuka mitu izuleni, m'malo mwake muike ma screw a stainless steel kapena okutidwa bwino ndi zinki, otalikirapo kuposa msomali unalipowo. Pa teak yambani mwaboola ndi dirilo, apo ayi screw ithyoka kapena thabwa ling'aluka kumapeto. Pa chifukwa chomwechi musakweche teak ndi bulashi ya waya kapena sitiliwulu wotsukira mapoto, ndipo owotcherera zitsulo za m'mawindo asagwirire ntchito yawo pakhondepo. Tizidutswa ta chitsulo timagwera m'thabwa, mvula yoyamba ikangogwa khonde lonse limatuluka timadontho takuda ngati nthomba.

Tafika pa vanishi. Simunalakwitse kapakidwe, vanishi ndiye sagwirizana ndi malo amenewo. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chapakati pa Novembala komanso kumapeto kwa Januwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Thabwa logona chagada limalandira dzuwa lonselo. Kuwala kwake kumaphwanya lignin, chinthu chimene chimamata ulusi wa mtengo pamodzi, ndipo ndiko kutuwa mukuonako. Kumalowa pang'ono zedi, mukapala ndi mpeni mupeza mtundu weniweni uli pomwepo. Vanishi amapanga khungu louma pamwamba pa thabwa. Thabwalo limafufuma mu dzinja n'kunyala m'chilimwe, khungu lija silitha kutsatira, limang'ambika timing'alu tosaoneka. Madzi amalowa m'timing'alumo n'kusowa potulukira, ndiye amalitukula. Mukapaka wina pamwamba pa wosupukayo, wakaleyo adzapitiriza kusupuka atanyamula watsopano, mwina abwana asanakwere n'komwe ndege yobwerera. Vanishi ndi wa chitseko cha m'nyumba ndi tebulo la pabalaza. Penti nayenso pa matabwa opondedwa amachita chimodzimodzi.

Chofunika ndi mafuta olowa m'thabwa, amene m'masitolo amalemba kuti decking oil kapena penetrating sealer. Amenewa sapanga khungu, choncho alibe choti chisupuke. Amangofwifwa pang'onopang'ono, ndipo chaka chamawa mudzangotsuka n'kupakanso, osakwechanso. Sankhani okhala ndi kamtundu pang'ono, kofiirira ngati teak, chifukwa utoto umenewo ndi umene umatchinga dzuwa. Oyera mbee ngati madzi amaoneka bwino sabata zoyamba koma satha kulimbana ndi dzuwa la kuno. Raw linseed, mtundu wina wa mafuta opaka matabwa, ndi wotchipa ndipo akalipentala akale ankamukonda, koma amachedwa kuuma ndipo nkhungu zimamudya, ikafika Febuluwale khonde lada bii.

Mnzanu wa oyilo wakuda ndikumumvetsa. Kumudzi timapaka oyilo ameneyu pa mitengo ya khola ndi ya nkhokwe, ndipo chiswe chimazengereza ndithu. Koma pakhola sipakhala munthu wovala zoyera. Oyilo wa injini sauma. Dzuwa likawomba amatuluka thukuta, amadetsa mapazi, zovala ndi makapeti a m'nyumba, ndipo mvula ikagwa pamaterera ngati therere. Ali ndi mwaye ndi tizitsulo ta mu injini, ndipo opanga oyilo eni ake amachenjeza kuti wogwira kale ntchito asamakhalitse pakhungu chifukwa angayambitse khansa ya pakhungu. Ana amakwawa pamenepo. Mvula imamutsukira m'nthaka momwe muli madzi akumwa. Choipitsitsa kwa inu n'chakuti akalowa m'thabwa satulukanso, palibe mafuta ena amene adzagwirepo, ndipo mlandu wa teak yense wowonongekayo udzakhala wanu, mnzanuyo ali kwawo. Mayi akunyumba nawonso sanalakwe kutchula Cobra, pakuti khonde la simenti lopakidwa bwino n'kukwechedwa mpaka kuwala ndi ulemu wa pakhomo, ku Tafara, ku Mabvuku ngakhale ku Mufakose. Koma imeneyo ndi phula longa la makandulo. Pa matabwa a panja imagwira fumbi, imaterera ikanyowa, ndipo imatseka thabwa kuti mafuta asalowe.

Mafuta asanapakidwe, vanishi yense achoke, yense ndithu, chifukwa pamene watsalira mafuta salowa ndipo khonde limaoneka la mawangamawanga ngati nkhanga. Palani wosupukayo, kenako kwechani ndi makina, sandipepa wa nambala 60 poyamba, 80 pomaliza, motsatira ulusi wa thabwa. Musapitirire 100, thabwa likasalala kwambiri silimwa mafuta. Mitu ya misomali ndi ma screw ilowe pansi kaye kuti isang'ambe sandipepa. Masikweya mita 24 amenewo pamanja mungathe sabata yathunthu ndi msana womwe, ndiye m'ndalamamo muikemo yobwereka makina, ndipo muonetsetse za magetsi kapena jenereta musanakawatenge, kuti musalipire tsiku limene makina angogona.

Mukatha kukwecha, sesani n'kutsuka ndi madzi a sopo ndi bulashi yolimba ya pulasitiki. Pamene pali ndere kapena nkhungu, kapu imodzi ya Jik ku makapu asanu a madzi ikwanira. Isiyeni mphindi khumi, tsukuluzani ndi madzi ambiri, mutayamba mwanyowetsa maluwa a m'mbali. Jik wosasungunula amayeretsa thabwa mopitirira n'kulisiya la ubweyaubweya. Mawanga akuda aja amachoka ndi oxalic acid, ufa woyera wopezeka m'masitolo a zomangira: magalamu pafupifupi 100 mu lita imodzi ya madzi ofunda, pakani, dikirani mphindi 15 kapena 20, tsukuluzani. Magolovesi ndi magalasi ndi okakamiza. Ndipo musaphatikize ufa umenewu ndi Jik, kapena kuupaka Jik asanatsukuluzike, chifukwa ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine wowotcha mapapo. Chitani tsiku lina Jik, tsiku lina ufawo. Makina opopera madzi mwamphamvu otsukira galimoto aja, ngati alipo m'galaja, pa paini asiyeni, amakumba thabwa n'kusiya mizere yosafufutika. Kenako khonde liume masiku awiri kapena atatu.

Kupaka kwenikweniko ndi kosavuta, koma ndi pamene ine ndinapsa ndili mnyamata. Ndinapatsidwa khonde lalikulu pa nyumba ina, pansi pa jacaranda, mu Okutobala. Pofuna kusangalatsa mwini wake ndinathira mafuta ambiri mpaka kunyezimira, n'kupita kunyumba ndikudzitama. Usiku kunawomba mphepo. M'mawa ndinapeza khonde lonse lavala maluwa ofiirira aja, atamatirira ngati ulimbo, ndipo mafuta otsalira pamwambawo anakhala akunata masabata atatu. Ndinapala ndekha ndi turpentine wogula ndi ndalama yanga, bambo anga ataima poteropo osanena kanthu, zomwe zinandiwawa kuposa kukalipiridwa. Thabwa limamwa zimene likufuna, zotsala ndi zopukuta. Pakani mopyapyala ndi bulashi, matabwa awiri kapena atatu kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena osaima pakati, dikirani mphindi 20 kapena monga alembera pa chitini, kenako pukutani ndi nsanza mpaka pasatsale ponyezimira. Kumapeto kwa matabwa, kumene anadulidwa, kumwetseni mokwanira chifukwa ndi kumene madzi amalowera kwambiri. Pakani m'mawa mame atauma kapena dzuwa litapendeka, osati thabwa likutentha moti simungaikepo dzanja. Mawa lake bwerezani kachiwiri. Lita imodzi imakwana masikweya mita 8 kapena 10, teak amamwa pang'ono, paini amamwa kwambiri, ndiye chitini cha malita 5 chikhala pafupi kukwanira pansi ponse kawiri, koma masitepe ndi chotchinga cha m'mbali zifuna owonjezera.

Nsanza zimene mwapukutira musaziunjike m'ndowa kapena m'thumba. Mafuta a mtundu wa linseed akamauma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa nsanza zotere umatha kuyaka wokha usiku popanda machesi. Ziyanikeni imodziimodzi panja pa simenti, kapena zimizeni m'madzi.

Nthawi muli nayo koma si yambiri. Jacaranda wayamba kale kuchita maluwa, mvula yeniyeni imayamba chapakati pa Novembala, ndipo chizimalupsa chikhoza kukudzidzimutsani mu Okutobala. Sabata ino ikhale ya kunsi ndi chiswe, yamawa ya mmisiri, yachitatu yokwecha ndi kutsuka, kenako mafuta pa masiku awiri opanda mitambo. Ngati mtengo wa maluwa uli pamwamba pa khondelo, sesani musanayambe ndipo mukhale pafupi mpaka mafuta atalowa.

Zikatha izi, kusamala kwake ndi kwa tsache basi: kusesa kawiri kapena katatu pa sabata, kutokosa mipata mvula isanayambe ndi itatha, kukwawira kunsi ndi tochi ngumbi zikayamba kuuluka. Miphika ya maluwa ikhale pa njerwa ndipo muziisuntha, mikeka ndi makapeti zisagone panja nyengo ya mvula, mbaula ikhale pa lata kapena pa silabu. Kuti mudziwe ngati mafuta atha, donthezani madzi pang'ono pa thabwa. Akaima ngati mikanda, zili bwino. Akalowa n'kusiya banga lakuda, nthawi yakwana. Kuno nthawi zambiri ndi kamodzi pachaka, ndipo mbali yoyang'ana kumpoto ndi kumadzulo ndi imene imayamba kufwifwa.

Kwatsala abwana. Iwo atumiza ya vanishi chifukwa ali kutali ndipo chimene amakumbukira ndi maonekedwe. Musasinthe ntchito ya ndalama yawo musanawauze, ndipo musawauze ndi mawu okha. Jambulani kavidiyo pa foni screwdriver ikulowa mu mtanda, jambulani msewu wa chiswe ndi vanishi wosupukayo, mutumize pa WhatsApp pamodzi ndi mitengo imene mmisiri watchula, yolembedwa. Afotokozereni kuti ngati ndalama siikwana zonse chaka chino, teak wotuwa akhoza kudikira mafuta mpaka Epulo osawonongeka, koma mtanda wowola sungadikire alendo a Khirisimasi. Risiti iliyonse isungeni. Podikira yankho lawo, chotsani tebulo ndi mipando mbali ya kukhomayo, mumange chingwe pamene pali thabwa lonepalo, ndipo muwauze onse a pakhomopo kuti asapondepo.